Kusunga Mafayilo Kunja kwa Ofesi: Disiki, Cloud Kapena NAS kwa Ofesi Yaing'ono ku Tete

Maofesi ang'onoang'ono a m'chigawo chathu cha Tete ku Mozambique, kaya ndi bungwe la alimi ku Ulongwe, kampani ya zomangamanga ku Moatize kapena ofesi yowerengera anthu ndalama mumzinda wa Tete, amapezeka ali ndi makompyuta osiyana mitundu popanda wina kuchita kukonza. Wowerengera ndalama amakhala pa Windows chifukwa pulogalamu yake yowerengera ndalama, Primavera kapena PHC, imayenda pa Windows. Abwana anagula MacBook ali ku Maputo. Pakona pali kompyuta yakale imene itayamba kuchedwa, mnyamata wokonza makina anaikamo Ubuntu, mtundu wa Linux, kuti izingosindikiza ndi kusunga zikalata. Mukafunsa za backup, kutanthauza kope la mafayilo losungira tsiku la ngozi, wina amakoka dirowa n'kukuonetsani fulashi.

Fulashi ya m'dirowa imathandiza kompyuta imodzi ikafa. Koma akuba akathyola usiku, moto ukabuka, mphenzi ikalowera pa chingwe cha magetsi kapena madzi akadzaza m'nyumba, zonse za m'chipindamo zimapitira limodzi. Amene anali ku Chingodzi mu Malichi 2019 mtsinje wa Revúbuè utasefukira, kapena mu Januwale 2022 namondwe Ana atagumula mlatho wa pamtsinje womwewo, safunika kuwafotokozera zambiri. Apa tikukamba za kope limene limagona kwina, kutali ndi ofesi. Akatswiri amalangiza za 3-2-1: makope atatu a mafayilo anu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likhale kunja kwa nyumbayo. Lakunjali ndi limene limavuta, ndipo njira zake zenizeni zilipo zinayi.

Zoti muyeze musanagule kalikonse

Yambani ndi kukula kwa katundu. Tsegulani kompyuta iliyonse muone kuti mafayilo a ntchito akukwana ma GB angati, kupatula nyimbo ndi mafilimu. Kenako muwagawe milu iwiri. Mulu woyamba ndi wa zinthu zoti zikatayika ofesi yaima: database ya zowerengera ndalama, ma fatura, mapepala a malipiro ndi a INSS (bungwe la penshoni), zikalata zopita ku Autoridade Tributária (bungwe la misonkho), mapangano ndi makasitomala, mndandanda wa mamembala ndi ngongole zawo. Wachiwiri ndi wa zolemera: zithunzi za kumunda kapena za kumalo omanga, mavidiyo a misonkhano, mapepala akale ojambulidwa pa scanner. Kawirikawiri mulu woyamba umakhala waung'ono, mwina sufika n'komwe 10 GB, pamene wachiwiri ndi umene umadzaza madisiki. Kugawa kumeneku n'kofunika kuposa dzina la kampani iliyonse imene nditchule m'munsimu, chifukwa milu iwiriyi siyenera kuyenda njira imodzi.

Kenako yezani intaneti yanu, koma mbali yotumizira. Ogulitsa intaneti amakonda kutchula liwiro lotsitsira zinthu, pamene backup imadalira liwiro lokwezera, limene limakhala locheperapo kwambiri. Tiyerekeze kuti mumakweza pa 5 Mbps. Kutumiza 100 GB kukutengerani maola 44 osalekeza, magetsi osazima, netiweki osaduka. Pa 2 Mbps ndi maola 111. Ngati mumagula mamega a Vodacom, Movitel kapena Tmcel, ma GB 100 amenewo ndi ndalamanso, ndipo tsiku la ngozi mudzafunika enanso 100 owatsitsira.

Dzifunseninso kuti mungapirire kutaya ntchito ya masiku angati. Shopu yolemba ma fatura tsiku lonse singabwerere mmbuyo sabata yathunthu. Bungwe lolemba malipoti pamwezi likhoza.

Pa nkhani ya makina osiyana pali msampha umene anthu amauzindikira mochedwa. Mac ili ndi pulogalamu yake ya backup, Time Machine, Windows ili ndi File History, ndipo zonse zimagwira bwino ntchito kwawo. Koma kope la Time Machine limafuna Mac ina kuti mulitsegule mosavutikira. MacBook ya abwana ikabedwa ku Furancungo, Mac inayo muibwereka kwa yani? Njira yoyenera ofesi yotere ndi imene kope lake lingatsegulidwe pa kompyuta iliyonse imene yatsala, kapena yobwereka. Pali nzeru imodzi yochepetsa mutu umenewu: pangani foda imodzi ya ofesi pa netiweki, mwachitsanzo pa kompyuta ya Ubuntu ija kudzera pa pulogalamu yogawira mafoda ya Samba, imene Windows ndi Mac zonse zimaiona, n'kugwirizana kuti ntchito yonse izisungidwa mmenemo. Mukatero mukusamala malo amodzi m'malo mwa atatu.

Chomaliza ndi munthu. Ndani kwenikweni, dzina lake, amene azionetsetsa kuti backup yachitika? Nanga iyeyo akapita ku maliro kumudzi sabata yonse, agwirizira ndani? Njira yabwino papepala imene palibe woiyendetsa imagonja kwa njira yachikale imene mlembi wa mu ofesi amaichita Lachisanu lililonse.

Ndisanapitirire, mawu awiri kwa amene ali ndi Primavera kapena PHC. Mapulogalamu amenewa amasunga zonse mu pulogalamu ya database yotchedwa SQL Server, ndipo kukopera foda yake pulogalamu ikuyenda kumapereka fayilo yoti mwina sidzatseguka. Muzigwiritsa ntchito njira ya backup ya mu pulogalamumo kapena ya SQL Server, imene imatulutsa fayilo yothera ndi .bak, ndipo imeneyo ndi yoti ipite kunja. Chimodzimodzi fayilo ya .pst ya Outlook: tsekani Outlook kaye.

Njira yoyamba: madisiki awiri osinthana

Mumagula madisiki awiri a USB, n'kumatapo kapepala, ina A ina B. Sabata ino A ili ku ofesi kulandira backup, B ili kunyumba kwa abwana. Lachisanu poweruka, A imapita kunyumba, Lolemba B imabwera. Lamulo lake ndi limodzi: awiriwa asagone nyumba imodzi. M'kope laling'ono la pa desiki, wosinthayo alembe tsiku, chilembo cha disiki ndi dzina lake. Kakopeka kamaoneka kachibwana, koma ndi kamene kamaulula kuti mwezi wonse wa Disembala palibe anasintha.

Mtengo. Mumalipira kamodzi, masauzande angapo a meticais pa disiki iliyonse, ndipo simugula mega ngakhale imodzi. Disiki ya mbale zozungulira ya 1 TB kapena 2 TB ndi yotsika mtengo. SSD, disiki yopanda mbale zozungulira, ya kukula komweko ndi yokwera. Konzekerani kugula ina pakapita zaka zingapo, musadikire kuti ife kaye.

Kupezeka. Mumzinda wa Tete madisiki amapezeka m'mashopu a zamakompyuta. Kumaboma akutali mungafunike kutuma munthu. Chenjerani ndi mafulashi otchipa olembedwa kukula kwakukulu: ena ndi abodza, amalandira mafayilo bwinobwino koma akadzaza malo ake enieni amayamba kufufuta akale mwakachetechete. Pulogalamu ya H2testw pa Windows kapena f3 pa Linux ndi Mac imadzaza chipangizocho n'kuwerenganso, bodza lonse n'kuonekera. Ndipotu fulashi si malo osungirapo mabuku a kampani.

Chisamaliro. Apa ndi pamene kusiyana kwa makina kumaluma. Disiki iliyonse imakhala ndi kakonzedwe kake kosungira mafayilo, ndipo yatsopano ikhoza kubwera ili pa NTFS, imene Mac imangowerenga osalembapo. Mukaikonza pa Mac n'kukhala APFS, Windows siiona. Ya ext4 imamvana ndi Linux yokha. FAT32 imatseguka paliponse koma imakana fayilo yoposa 4 GB, ndipo .bak ya zaka zingapo ikhoza kupitirira pamenepo. Yotsala ndi exFAT, imene onse atatu amawerenga ndi kulembapo. Chofooka chake n'chakuti sichedwa kusokonezeka mukaizula ikulemba kapena magetsi akathima pakati, choncho muziitulutsa mwadongosolo nthawi zonse.

Kukopera ndi dzanja kulinso ndi tizovuta take. Pa Linux, Fatura.pdf ndi fatura.pdf ndi mafayilo awiri osiyana. Pa exFAT ndi pa Windows ndi dzina limodzi, ndiye ina ikhoza kuphimba inzake. Dzina lokhala ndi chizindikiro cha funso kapena madontho awiri limaloledwa pa Linux koma Windows imalikana, kukopera n'kuimira pakati inu mutapita kale kukadya nsima. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti ngakhale pa disiki muzigwiritsa ntchito pulogalamu ya backup monga Kopia, restic kapena Duplicati. Zitatuzi n'zaulere, zimayenda pa Windows, Mac ndi Linux, zimasunga mafayilo m'timaphukusi tawo mosasamala za mayina, zimakumbukira mmene fayilo inalili dzulo ndi mwezi watha, komanso zimakiya zonse ndi pasiwedi.

Zoopsa. Disiki yoyenda mu chapa kapena pa txopela imagwa, imanyowa, imabedwa pamodzi ndi chikwama. Ya mbale zozungulira ikagwa kamodzi ikhoza kutheratu. SSD imapirira mabampu. Kutentha kwa Tete mu Okutobala ndi Novembala kumadutsa madigiri 40, ndiye disiki isasiyidwe m'galimoto yoimika padzuwa. Yosakiya ikatayika, malipiro a antchito onse ali m'manja mwa woitolayo. Ngati simukugwiritsa ntchito mapulogalamu ndatchulawa, VeraCrypt imakiya disiki m'njira yotseguka pa makina onse atatu. Ndipo disiki yolumikizidwa ku kompyuta nthawi imene vayirasi ya ransomware (yokiya mafayilo n'kufuna dipo) yalowa imakiyidwa limodzi ndi zonse. Imene ili kunyumba ndi imene imakupulumutsani. Koma choopsa chachikulu ndi kuiwala. Miyezi iwiri yoyamba aliyense amasintha mwachangu, kenako A ndi B zimapezeka zili m'dirowa imodzi.

Njira yachiwiri: Google Drive, OneDrive, Dropbox ndi anzake

Ambiri anayamba kale njira iyi osadziwa kuti asankha. Mumaika fayilo mu foda, yokha n'kukwera pa intaneti, mnzanu n'kuiona pa foni.

Mtengo. Google imapereka 15 GB yaulere, koma malowo amagawana ndi Gmail ndi zithunzi. OneDrive ndi iCloud zimapereka 5 GB, Dropbox 2 GB. Kuposa pamenepo mumalipira pamwezi kapena pachaka. Amene amalipira kale Microsoft 365 ya bizinesi ali ndi 1 TB pa munthu aliyense, ndipo ena sadziwa n'komwe kuti ali nayo. Onjezani mamega, chifukwa kompyuta iliyonse yolumikizidwa imatsitsa zimene inzake yakweza.

Kupezeka. Pa Windows ndi Mac palibe vuto. Pa Linux ndi pamene zimasiyana: Dropbox ili ndi pulogalamu yakeyake ya Linux, koma Google Drive ndi OneDrive zilibe. Kumeneko mumadutsira pa browser kapena pa pulogalamu ya rclone, imene imafuna munthu wosaopa kulemba malamulo pa kompyuta. iCloud musaiwerengere n'komwe ngati muli ndi Linux.

Chisamaliro. N'chochepa, ndipo ndiko kukoma kwake. Muzingoyang'ana kachizindikiro kake kuti kakuonetsa kuti zonse zakwera, chifukwa malo akadzaza kapena pasiwedi ikasintha, pulogalamuyo imaima osakuwa.

Zoopsa. Ntchito ya mapulogalamuwa ndi kufananitsa mafoda, osati kusunga zakale. Mukafufuta foda pa laputopu, imafufutikanso pa intaneti ndi pa makompyuta a anzanu. Ransomware ikakiya mafayilo usiku, mmawa mupeza kuti okiyidwawo akwera kale n'kulowa m'malo mwa abwino. Chimene chimakupulumutsani ndi bini ndi mbiri ya mafayilo, imene pa maakaunti wamba imakhala masiku 30. Foda ya chaka chatha imene wina anafufuta mu Juni, inu n'kuifuna mu Okutobala oyendera mabuku atabwera, yapita. Database yotseguka isaikidwe m'mafoda amenewa, ikani .bak yokha.

Pali vuto linanso limene si la makina. Akaunti zambiri za maofesi zinatsegulidwa pa Gmail ya wantchito, nambala yotsimikizira ikupita pa SIM yake. Munthuyo akasiya ntchito mokangana, kapena nambalayo ikatsekedwa chifukwa chosagwiritsidwa ntchito, mafayilo a bungwe ali mkati inu muli panja. Akaunti ikhale ya ofesi, pa nambala ya ofesi, ndipo manambala obwezeretsera akaunti asindikizidwe papepala.

Njira yachitatu: pulogalamu ya backup ndi malo obwereka pa intaneti (cloud)

Apa mumatenga Kopia, restic kapena Duplicati yomwe ija, koma m'malo moloza ku disiki mumailoza ku malo obwereka monga Backblaze B2, Wasabi, Amazon S3 kapena Storage Box ya Hetzner. Pulogalamuyo imakiya mafayilo asanachoke mu ofesi, choncho mwini seva amangoona zinthu zosawerengeka. Ulendo woyamba imatumiza zonse; maulendo otsatira imatumiza tizidutswa tokha timene tasintha. Kwa mulu woyamba uja, kwa ine iyi ndi njira yoposa zonse.

Mtengo. Malo enieniwo ndi otchipa modabwitsa. B2 yakhala ikulipiritsa madola 6 kapena 7 pa TB pamwezi, kuwerengera zimene mwasunga zokha. Pa 50 GB ndiye kuti simufika theka la dola, ndipo dola ikakhala pa meticais 64 ndi ndalama yosakwana mtengo wa chakudya chamasana. Wasabi ili pamtengo wofananako koma imakulipiritsani 1 TB yonse ngakhale mwasunga pang'ono, ndipo fayilo yofufutidwa masiku 90 asanathe imalipiridwabe mpaka atakwana. Amazon ili ndi malo ku Cape Town kuyambira 2020, pafupi ndi ife, koma mitengo yake ili ndi timagawo tambiri ndipo kutsitsa kumalipiridwa padera. Ndalama yeniyeni ya njirayi ndi mamega a ulendo woyamba ndi a tsiku lobwezeretsa.

Musasokoneze B2 ndi pulogalamu ina ya Backblaze yolipira pa kompyuta iliyonse yopanda malire a malo. Imeneyo ndi ya Windows ndi Mac zokha, ya Linux kulibe.

Kupezeka. Mufunika khadi la ku banki lotha kulipira kunja. M-Pesa, e-Mola ndi mKesh zimene timalipirira magetsi a Credelec sizimene makampaniwa amafunsa patsamba lawo lolipirira. Makhadi amatha nthawi, ndipo ndalama zakunja zikavuta, malipiro a pa intaneti amatha kukanidwa. Bilu ikakhala miyezi osalipiridwa akauntiyo imatsekedwa, choncho makalata ake azipita ku imelo imene munthu amaiwerengadi. Pa nkhani ya netiweki, Starlink inayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 2023 ndipo yasintha zinthu kumadera amene chingwe sichinafike, ngakhale kuti nayonso imakweza pang'onopang'ono kuposa mmene imatsitsira, ndipo mvula yamphamvu imaidula kwa kanthawi.

Chisamaliro. Tsiku loyamba limafuna munthu wodziwa. Kopia ndi Duplicati zili ndi mabatani. Restic ndi ya malamulo olemba, yoyenera kompyuta ya Ubuntu ija. Munthu wodziwayo amakonza nthawi, mwina masana pa nkhomaliro popeza usiku makompyuta amakhala ozima, n'kuuza pulogalamuyo makope oti izisunga: mwachitsanzo a masiku 7 apitawa, a masabata 4, ndi limodzi la mwezi uliwonse kwa miyezi 12. Zikatero imayenda yokha. Chotsala ndi kuyang'ana kamodzi pasabata tsiku la backup yomaliza.

Zoopsa. Pasiwedi ikatayika, palibe angakutsegulireni, ngakhale kampani yosungayo. Ngati ili m'mutu mwa wokonza makina yekha, kapena yasungidwa pa kompyuta yomwe yabedwayo, mulibe backup. Ilembedwe papepala, m'maenvulopu awiri omata, ina kwa abwana ina kwa msungichuma. Chachiwiri, wolanda kompyuta yanu akhoza kupezamo kiyi ya akaunti n'kufufuta makope onse. B2, Wasabi ndi S3 zili ndi Object Lock, imene imaletsa kufufuta kope mpaka masiku amene mwaika atakwana. Chachitatu ndi intaneti yomweyo. Kumapeto kwa 2024, pa nthawi ya zionetsero za pambuyo pa chisankho, intaneti ya pafoni inkadulidwa m'dziko muno. Kope la pa cloud linali bwinobwino kumene linali, koma wofuna kulitsitsa pa mamega masiku amenewo akanadikira. Ndiponso ngati ndinu bungwe losunga mayina a odwala kapena a ana, werengani kaye pangano lanu ndi okupatsani thandizo musanatumize zinthuzo ku seva za ku Europe kapena ku America.

Njira yachinayi: NAS yanu kumalo ena

NAS ndi kabokosi ka madisiki kolumikizidwa pa netiweki, ka makampani monga Synology ndi QNAP. Mumakaika kunyumba kwa abwana kapena ku nthambi ina ya ofesi, makompyuta kapena NAS ya ku ofesi n'kumatumizako tsiku lililonse. Kompyuta yakale yokhala ndi Linux ndi disiki yaikulu ikhoza kugwira ntchito yomweyo.

Mtengo. Ndi njira yokwera kwambiri poyamba: bokosilo, madisiki awiri, UPS (batire yogwirizira magetsi akazima), ndi intaneti mbali zonse ziwiri. Phindu lake limaoneka mukakhala ndi ma TB angapo. Kope loyamba mumalipangira mu ofesi pa chingwe, kenako n'kunyamula bokosilo kupita nalo kwawo, ndipo tsiku la ngozi mumangokalitenga pa galimoto osatsitsa kanthu.

Kupezeka. Si katundu wopezeka pa shelefu paliponse. Kawirikawiri amachita kuitanitsa ku Maputo kapena ku South Africa, ndipo likawonongeka mudikira. Makina onse atatu amamvana nalo bwino, ndipo Time Machine imatha kulembamo. Intaneti ya pafoni ndi Starlink wamba sizikupatsani adiresi yoti wina akupezeni kuchokera kunja, choncho malo awiriwa muwalumikize ndi VPN, njira yobisika yolumikizira malo awiri pa intaneti, monga Tailscale.

Chisamaliro. Ichi ndi chiweto, chimafuna mwini: kuika zosintha za pulogalamu yake, kuona thanzi la madisiki, kupukuta fumbi, kusintha batire ya UPS. Kunyumba Credelec ikatha pakati pa usiku, kapena mwana akazula chingwe kuti atchaje foni, backup imaima mpaka wina azindikire.

Zoopsa. NAS yotsegulidwa poyera pa intaneti ndi nyambo ya achifwamba. Mu 2021 ransomware ya Qlocker ndipo mu 2022 ya DeadBolt zinakiya mabokosi ambiri a QNAP amene ankaonekera pa intaneti. Musatsegule makomo pa router. Dutsirani pa VPN. Madisiki awiri a mkatimo amateteza ku imfa ya disiki imodzi yokha, sateteza ku kufufuta, choncho yatsani ma snapshot, amene amasunga mmene mafayilo analili masiku apitawa. Ndipo ganizirani za mtunda. Nyumba ya abwana ikakhala kuseri kwa ofesi, m'dambo lomwelo, pa transformer yomweyo, mwangosamutsa vuto mamita ochepa.

Za matepi a LTO ndingodutsa: amakhalitsa, koma makina ake ndi okwera mtengo kwambiri kwa ofesi ya anthu asanu. Kudzitumizira mafayilo pa WhatsApp kapena pa imelo kumathandiza pa chikalata chimodzi cha changu, osati pa mabuku a chaka chonse.

Njira iliyonse imene mwasankha, iyeseni. Mlimi wa ku Angonia amameretsa kaye njere zochepa mvula isanagwe kuti adziwe ngati mbewu yake ili moyo, ndipo backup imafuna zomwezo. Kamodzi pamwezi sankhani fatura ya miyezi itatu yapitayo, muibwezeretse pa kompyuta ina yosiyana ndi imene inachokera, muitsegule muiwerenge. Achite zimenezi ndi munthu wina, osati amene anakonza, pogwiritsa ntchito pasiwedi ya mu envulopu ija. Kawiri pachaka wowerengera ndalama abwezeretse .bak yonse pa kompyuta ina n'kuona ngati ndalama zotsala za mwezi watha zikufanana.

Ndiye musankhe iti?

Ngati muli kumalo ngati Tsangano, Chifunde kapena Zumbo, mukudalira mamega a pafoni ndipo netiweki imabwera n'kupita, tengani madisiki awiri a exFAT ndi Kopia. Onjezani kanthu kamodzi kokha pa intaneti: .bak kapena foda ya zikalata zofunikitsitsa, kamodzi pasabata, netiweki ikakhala bwino. 10 GB yoyamba ya B2 ndi yaulere, ndipo mwina ikukwanirani.

Ofesi ya mumzinda wa Tete, ku Moatize kapena ku Ulongwe yokhala ndi intaneti yolipira pamwezi, mafayilo osapitirira 100 GB: mulu woyamba upite ku cloud tsiku lililonse kudzera pa pulogalamu ya backup, mulu wolemera uyende pa madisiki osinthana. Maofesi ambiri amene ndikuwaganizira ali m'gulu limeneli, ndipo ndalama yake ndi madisiki awiri ndi timakobiri ta pamwezi.

Ngati antchito anu amakhala kumunda ndi malaputopu ndipo mumalipira kale Microsoft 365 kapena Google Workspace, pitirizani, musayambe zina. Kompyuta ya Linux ilumikizeni ndi rclone, ndipo kamodzi pamwezi mutsitse zonse pa disiki yokiya imene igone kunja kwa ofesi. Disikiyo ndi imene idzakhale ndi foda yofufutidwa mu Juni ija.

Ojambula mavidiyo, oyeza malo ndi olemba mapulani a nyumba, amene mafayilo awo amawerengedwa mu ma TB, ndi amene NAS imawayenera, makamaka ngati ali ndi nthambi ziwiri, ina ku Tete ina ku Angonia, zotalikirana makilomita oposa 200. Koma akhale ndi wokonza makina wa pangano lolembedwa, wobwera mwezi ndi mwezi. Ngati munthu wotere palibe, gulani madisiki atatu aakulu m'malo mwa awiri, yachitatu izisinthidwa kamodzi pamwezi n'kumakhala ku boma lina.